Wodwala wa pa kompyuta alibe gadiyani

Mtsikanayo anayamba ndi moni, monga mmene aliyense wobadwira kuno akanayambira. Pa sikirini ya laputopu panali bambo wachizungu wa imvi, atagona pabedi loyera m'chipinda cha yekha, dzanja lili pachifuwa. Iye analemba m'Chingerezi mawu amene mumtima mwake anali akuti, "Mwadzuka bwanji bambo? Kunyumba mwasiyako bwanji?" Bambo uja anayankha kuti funsolo sanalimve. Analembanso mwa njira ina, yankho n'kukhala lomwelo. Pakona ya sikirini wotchi inkangoyenda. Pamene ankafika pofunsa za ululu wa pachifuwa n'kuti mphindi zitatu zitapita, ndipo pamapeto pake pulogalamu yophunzitsira unamwinoyo inamulembera kuti wachedwa kuyeza wodwala, sanatchule dzina ndi udindo wake polowa, komanso sanafunse wodwalayo tsiku limene anabadwa. Malikisi ake sanafike ndi theka lomwe.

Ananditumizira chithunzi cha malikisiwo pa WhatsApp usiku, pansi pake atalemba kuti, "Madamu, mwina unamwino si wanga."

Zinandiwawa, chifukwa mwanayu ndinali nditamuonapo kuwodi. Miyezi ingapo m'mbuyomo, sukulu zisanatsekedwe mu March 2020, ndinamupeza atanjuta pambali pa bedi la gogo wina amene anthu awiri anali atamufunsa kale mbiri ya matenda ake osapindula kanthu. Iye ankacheza nawo za kumudzi, zala zake zili pa mtsempha wa padzanja, maso ake akuwerenga mmene chifuwa chikukwerera. Moni uja sunali kutaya nthawi. Poyankha moni gogoyo anasonyeza kuti mutu ukugwira, akudziwa kumene ali, koma sangamalize chiganizo osapumira pakati. Namwino wathu amayeza wodwala mkati mwa moni momwemo, ndipo pulogalamu ija inalibe bokosi lochongapo zimenezi.

Ndimaphunzitsa anamwino, ndipo ndinene msanga kuti sindidana ndi kuphunzira poyeserera, kumene anzathu amakutcha simulation. Ntchito yathu inayamba kalekale kudalira zidole. Mu 1911, pa chipatala cha Hartford ku America, ophunzira unamwino anayamba kugwiritsa ntchito chidole chachikulu ngati munthu chotchedwa Mrs Chase pophunzira kusambitsa, kutembenuza ndi kuveka wodwala. Mu 1960 kampani ya Laerdal ya ku Stavanger, Norway, inatulutsa Resusci Anne, chidole chophunzirirapo kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma. Kuchokera ku kampani yomweyo kunabwera NeoNatalie, kachidole kakhanda kothira madzi mkati kuti kalemere ngati mwana weniweni, kamene mzamba aliyense wa kuno amene anachita maphunziro a Helping Babies Breathe anakagwirapo. Ine ndinaona ndi maso anga mzamba wachinyamata akupumitsa khanda lobadwa lili lefu, manja ake akuchita zimene anazolowera pa kachidole kaja, mpaka mwanayo analira. Palibe amene angandiuze kuti kuyeserera n'kwachabe.

Chatsopano n'chakuti chidolecho chalowa m'kompyuta. Ku America kuli mapulogalamu otchuka monga vSim for Nursing ndi Shadow Health. Mu Shadow Health muli wodwala wotchedwa Tina Jones, mayi wa zaka 28 wa matenda a shuga ndi mphumu, amene ali ndi bala kuphazi, ndipo ophunzira ambirimbiri akhala akumufunsa mafunso omwewo chaka ndi chaka iye osatopa. Mu 2014 bungwe loona za malamulo a unamwino kumeneko, NCSBN, linatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti maola a kuwodi okwana theka akhoza kulowedwa m'malo ndi kuyeserera kochitika bwino, ophunzira osatsika luso. Kafukufukuyo ankanena kwambiri za zidole za m'chipinda chophunzirira ndi anthu osewera ngati odwala, aphunzitsi odziwa ntchito ali pompo, koma Covid-19 itatseka mawodi kwa ophunzira, aliyense anathamangira ku kompyuta. Ifenso tinapeza mwayi wa pulogalamu ina ya mtundu womwewu kwa miyezi yochepa, ndipo ana athu ankailowa usiku, netiweki ikapepuka, akupemphera kuti bandulo isathe kapena magetsi asazime wodwala ali pakati pa kukomoka.

Chinthu choyamba chimene ophunzira anga anadabwa nacho sichinali makina apamwamba a m'chipindamo. Mnyamata wina anafunsa kuti, "Madamu, gadiyani wa bamboyu ali kuti?"

Funso limeneli ndi lalikulu kuposa mmene limamvekera. Aliyense amene anagonapo ku Queens, ku Central ku Lilongwe kapena pa chipatala chilichonse cha boma kapena cha mishoni amadziwa kuti wodwala sabwera yekha. Pansi pa bedi pamakhala beseni, chitenje, fulasiki ndi kontena ya phala, ndipo pambali pake pamakhala mayi, mlongo, mpongozi kapena mdzukulu amene wasiya munda wake kuti adzadwazike. Gadiyani ndiye amasambitsa, amadyetsa, amachapa, amathamangira ku ofesi ya anamwino usiku kukanena kuti diripi yatha. Ndiyenso amasunga mbiri. Mukafunsa wodwala kuti anayamba liti, amayang'ana gadiyani. Mukafuna kudziwa ngati mankhwala a BP akumwedwadi, gadiyani ndi amene angakuuzeni kuti anatha mwezi watha ndipo ndalama ya thiransipoti inasowa. Namwino amene sadziwa kuyenda ndi magadiyani sangathe ngakhale shifiti imodzi m'wodi ya anthu 60, ndipo amene wawaphunzitsa bwino kutembenuza wodwala ndi kuona zizindikiro zoopsa amakhala ndi maso m'wodi monse.

Wodwala wa pa kompyuta uja anapangidwa ndi anthu amene kwawo munthu wamkulu amayankha yekha, amasankha yekha, amasaina yekha. Pulogalamu imakupatsa malikisi ukatseka chitseko n'kutsala awiriwiri. Ili ndi mfundo yake, ndipo mfundoyo ndimailemekeza, chifukwa pali zinthu zimene mtsikana sanganene apongozi ake ali pompo, ndipo zotsatira za magazi ndi za mwini wake. Komatu kuno luso lenileni lili pa kudziwa nthawi yolowetsa gadiyani ndi nthawi yomutulutsa, ndiponso kumutulutsa mosamuchititsa manyazi. "Amayi, tatithandizani kukatunga madzi otentha, tikufuna tiwapukute." Mayiyo akatuluka ndiye mumafunsa funso lija. Komanso pali tsiku limene mumafotokozera mayi kuti akufunika opaleshoni, iye n'kumva zonse, n'kugwedeza mutu, kenako n'kunena kuti, "Tidikire kaye abambo akunyumba," kapena amalume ake, eni mbumba. Lamulo likuti asankhe yekha, magazi akutayika, foni ya amalume siikupezeka. Ola limenelo ndi limene limapanga namwino wa ku Malawi, ndipo palibe wodwala wa pa sikirini amene anandikonzekeretsapo ophunzira anga pa ola limenelo.

Kenako pali nkhani ya kalankhulidwe. Wodwala wa pa kompyuta ukamufunsa molondola amayankha molondola. Ululu uli pati? Pachifuwa, ukupita kudzanja lamanzere. Pa 0 mpaka 10? Pa 7. Ndinayeserapo kufunsa gogo wina funso la manambala limeneli, iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, ukupweteka basi." Bambo wa kumudzi amene wathyoka mwendo adzakuuzani kuti "ndiliko bwino pang'ono" thukuta lili kamukamu, chifukwa mwamuna salira pamaso pa mwana wamkazi wa msinkhu wa mwana wake. Munthu akati "ndikumva malungo" sakutanthauza kuti wayezetsa, mwina akungonena kuti thupi latentha ndipo likuphwanya. "Mtima ukuthamanga" ukhoza kukhala mtima weniweniwo, kuchepa kwa magazi, kapena nkhawa ya ngongole imene yamusowetsa tulo. Mayi amene "wachira" ndiye kuti wabereka, amene "anapita padera" anataya mimba, amene "ali kumwezi" sadzatchula liwu lina lililonse ngakhale mumufunse kangati. Za kumaliseche zimanenedwa mozungulira, ndipo namwino akalunjika nazo, wodwala amatseka pakamwa. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ophunzira athu amaphunzira m'Chingerezi, amalemba mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi m'Chingerezi, koma ntchito amaigwira m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena, m'Chilomwe. Mpata umenewu unalipo kale. Kompyuta inangoukulitsa, chifukwa tsopano ngakhale kucheza ndi wodwala, kumene kale ankakuphunzira m'chinenero cha wodwalayo, kunasanduka mayeso a Chingerezi cha ku America. Ndinaona ana ochenjera akuphunzira msanga kalembedwe kamene makinawo amakonda, malikisi awo n'kukwera, ndipo ndinkadzifunsa kuti chimene chakwera n'chiyani kwenikweni.

Zina ndi zing'onozing'ono ndipo zimatheka kuzikonza ndi pepala limodzi. Kutentha kwa thupi kolembedwa 101 kunadzidzimutsa kalasi yonse mpaka titafotokoza kuti ndi Fahrenheit, kwathu kuno ndi 38.3. Acetaminophen ndi paracetamol, panado yemweyu. Albuterol ndi salbutamol, epinephrine ndi adrenaline. Zina sizing'onozing'ono. Wodwala wa pa sikirini mpweya ukamuchepera, milomo ndi nkhope zimasanduka zobiriwira moonekeratu, pamene pa khungu lakuda uyenera kutsegula pakamwa n'kuona lilime ndi nkhama, ndipo kuchepa kwa magazi umakuona m'zikope ndi m'zikhatho. Mu 2020 Malone Mukwende, wophunzira udokotala ku St George's ku London amene anabadwira ku Zimbabwe, anatulutsa kabuku ka zithunzi zosonyeza zizindikiro za matenda pa khungu lakuda chifukwa mabuku amene ankaphunzira analibe zimenezi. Chaka chomwecho ofufuza a ku University of Michigan anapeza kuti kachipangizo kopanira pachala koyezera okosijeni kamaphonya kuchepa kwa mpweya mwa anthu akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Ndipo pali batani lija lakuti itanani dokotala, limene ukalidina dokotala amayankha nthawi yomweyo. Mwana amene ndikumuphunzitsayu chaka chamawa akhoza kukakhala yekha usiku pa health centre ya kumudzi, ambulansi ili ku boma, mtsinje utadzaza.

Mpaka pano wina angaganize kuti ndikunena kuti chikhalidwe chathu chili bwino ndipo makinawo ndiwo olakwa. Ayi. Pali pamene kompyuta ija inandionetsa chilonda chathu, ndipo ndi pamene ndakhala ndikuganizirapo kwambiri.

Kuyeserera kulikonse kumatha ndi kukambirana, kumene amakutcha debriefing. Mphunzitsi amafunsa kuti mwamva bwanji, chayenda bwino n'chiyani, mukanasintha chiyani. Njira imeneyi imayembekezera kuti wophunzira anena maganizo ake momasuka, avomera kulakwitsa pagulu, ngakhale kutsutsa mnzake kapena mphunzitsi. Ine nditafunsa koyamba, chipinda chonse chinangoti zii. Maso onse pansi. Patapita nthawi mmodzi anati, "Zinayenda bwino madamu, tathokoza." Vuto limeneli si lathu lokha. Mu 2013 madokotala ndi akatswiri atatu, Hyun Soo Chung wa ku Korea, Peter Dieckmann wa ku Denmark ndi Barry Issenberg wa ku America, analemba m'magazini ya Simulation in Healthcare kuti njira zokambiranazi zinapangidwira maiko a azungu, ndipo kumaiko kumene wamng'ono sayankha wamkulu sizigwira chimodzimodzi. Nditawerenga ndinaona kalasi yanga. Mwana amene analeredwa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, amene amalandira chinthu ndi manja awiri, amene kuyang'ana mphunzitsi m'maso amakuona ngati mwano, simungamuuze Lolemba m'mawa kuti lero tonse ndife ofanana, iye n'kukhulupirira.

Koma taonani chimene chinachitika. Mu nkhani ina ya pa kompyuta, dokotala analemba mlingo wa mankhwala wolakwika mwadala, kuti aone ngati wophunzira azindikira. Pafupifupi onse anazindikira, anadina batani, anakana kupereka mankhwalawo. Anachita molimba mtima, chifukwa dokotala wa pa sikirini alibe nkhope yokwinya, sangakukalipire pamaso pa odwala, sadzasaina buku lako la kuwodi. Mawodi atatsegulidwa, mmodzi wa ana omwewo anabwera kwa ine akunjenjemera. M'wodi ya ana, mkulu wina anawerenga molakwa kulemera kwa mwana, 18 m'malo mwa makilogalamu 8, n'kulemba mlingo wa jakisoni motengera nambala yolakwikayo. Wophunzirayo anaona. Anaima pompo, mtima ukugunda, pakamwa posatseguka. Mwamwayi asisita a m'wodimo anazitulukira asanabaye. "Madamu, ndinadziwa," anatero akulira, "koma ndikanayamba bwanji?"

Funso lake ndi limene ndimagona nalo. Ulemu wathu ndi chuma, ndipo ndi umene unapangitsa mtsikana uja kunjuta pambali pa gogo mpaka gogoyo anamasuka. Ulemu womwewo ukhoza kupha mwana. Anthu oyendetsa ndege anaphunzira zimenezi ndi maliro. Pa 27 March 1977, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zikuluzikulu zinawombana pabwalo anthu 583 n'kufa, ndipo m'chipinda choyendetsera ndege imodzi munali injiniya amene anafunsa ngati ndege inayo yachoka panjira, koma kaputeni wodziwika atayankha motsimikiza, iye sanabwerezenso. Ngozi ngati imeneyi ndi zimene zinachititsa kuti oyendetsa ndege aziphunzitsidwa kuti wamng'ono azilankhula ndipo wamkulu azimvetsera, ndipo azachipatala anatengera komweko. Choncho ngakhale azungu sanabadwe nalo luso limeneli, anachita kuliphunzira, m'mawu a chinenero chawo. Cholakwika chathu chinali kuganiza kuti mwana akaloweza chiganizo cha Chingerezi chonena kuti ndili ndi nkhawa ndipo sindikumasuka, ndiye kuti adzachitulutsa pamaso pa bambo wa msinkhu wa bambo ake.

Tinakhala pansi ndi kalasi ija n'kuyamba kufunafuna mawu athu. Tinayesa angapo mpaka tinapeza amene mwana wa ku Ntcheu kapena ku Mzimba angathe kuwanena miyendo isakunjenjemera: "Pepani adokotala, mwina ndi ine amene sindinaone bwino, koma pa sikelo mwanayu anali 8. Tingaonenso limodzi?" Ngati sanamve, kachiwiri: "Adokotala, ndikupempha tisabaye kaye mpaka tiyezenso." Mawuwa ali ndi ulemu wonse, ndipo jakisoni sabayidwa. Tinawabwereza mokweza, aliyense payekha, ine nditavala nkhope yoopsa kwambiri imene ndingathe. Kukambirana kwa pamapeto nakonso tinakusintha. Amayamba akambirana okhaokha m'timagulu ta anthu anayi, m'chinenero chimene akufuna, ine nditatuluka, kenako mmodzi amanena m'malo mwa gulu kuti "ife tinaona kuti." Liwu lakuti ife limachotsa manyazi amene liwu lakuti ine limabweretsa. Ndimayambanso ndi kufotokoza cholakwa changa cha zaka zoyambirira za ntchito, chenicheni, chifukwa wamkulu akavula nsapato ana nawonso amavula.

Chimandilimbitsa mtima n'chakuti dziko lino si longolandira. Njira yosankhira ana odwalitsitsa pamzere, ETAT, imene bungwe la WHO linaifalitsa m'maiko ambiri, inakulira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mu nthawi ya Professor Elizabeth Molyneux. Muyeso woonera kukomoka kwa mwana wa malungo a mu ubongo umatchedwa Blantyre Coma Score padziko lonse. Ngati tinatha zimenezo, kulemba nkhani za odwala athu sikungatikanike. Tili ndi yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, tili ndi Mzuzu University, Malawi College of Health Sciences, ndi makoleji a mishoni a pansi pa bungwe la CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission ndi St Luke's, ndipo tili ndi achinyamata odziwa kupanga mapulogalamu a pafoni. Ndimalakalaka wodwala wa pa sikirini amene adzabwere ndi kabuku kake ka kuchipatala kong'ambika chikuto, woyankha moni, wonena kuti ali bwino pamene sali bwino, wogwira ntchito pa foni wamba netiweki ikadula. Ndipo pambali pake pakhale munthu atakhala pa chitenje.

Podikira zimenezo, timachita zimene tingathe. Wodwala wa pa kompyuta sindinamutaye, chifukwa amaphunzitsa ndondomeko, amalola mwana kulakwitsa kakhumi popanda wovulala, ndipo amakumbutsa zinthu zimene timazinyozera monga kusamba m'manja ndi kutsimikiza kuti mankhwala akupita kwa mwini wake. Koma akamaliza pa sikirini, timakankhira madesiki kukhoma, timayala chitenje pansi, n'kuibwereza nkhani yomweyo m'Chichewa, titaisamutsira kwathu.

Sabata yatha tinachita ya mayi woyembekezera amene matenda amuyamba mwamphamvu modabwitsa. Wophunzira wina anagona pa tebulo, wina anamanga duku n'kukhala apongozi. Ndinali nditawanong'oneza apongoziwo kuti kunyumba anamumwetsa mayiyo mwanamphepo kuti achire msanga, koma asaulule pokhapokha atafunsidwa mwa njira yoti iwo eni angamasuke. Namwino woyamba anafunsa molunjika, pamaso pa onse, ngati wamwa mankhwala achikuda. Apongozi anakana mpaka kulumbira. Wachiwiri anaopseza kuti akabisa mwana afa, apongozi anangokoka duku n'kuyang'ana kukhoma.

Wachitatu anali mnyamata wachete wa chaka chachiwiri. Anamvetsera kaye mtima wa mwana, anaika diripi, anauza mnzake kuti asachoke pambali pa mayiyo, kenako anapita pamene panakhala apongozi paja n'kunjuta. "Amayi, mwayenda ulendo wautali usiku uno, mwachita bwino kubwera naye. Ine kwathu agogo anga amatithandizanso ndi za kumudzi. Kuti ndidziwe mankhwala oti ndimupatse asakawombane ndi ena, mwina pali kamene analawako asananyamuke?"

Apongozi anakhala chete kanthawi. Kenako anamasula mfundo ya pa chitenje, n'kutulutsa kabotolo.